Mzati Wakale wa pa Mphambano ya Locust

Malamulo aja ndinalemba ndine. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa mpaka lero anthu a m'tauni mwathu mu Brackett ena amaloza chala kampani ya foni, ena amaloza boma, koma masamba khumi ndi anayi aja anatuluka pa tebulo langa, ndipo liwu lililonse ndinalisankha ndekha.

Munali mu 2019, pamene makampani a foni anayamba kuika timilongoti tawo m'misewu. Sindikunena nsanja zitalizitali za m'mapiri zija ayi, koma timabokosi tangati kasutikesi, tokhazika pamwamba pa mzati kuti netiweki izigwira msanga. Tauni inalibe mphamvu yowakaniza. Chimene inkaloledwa ndi kunena kaonekedwe ka zinthuzo, bola ilembe malamulo ake pasadakhale. Ine ndinali nditagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mu ofesi ya mapulani a tauni, ndipo meya anabwera yekha kudzaima pakhomo panga.

"Mayi Vasko, tilembereni zoti anthuwa asatiipitsire tauni."

Ndinayendera matauni atatu kumene anali ataika kale. Zimene ndinaona zinandinyansa: mabokosi otuwa ali lendelende, mawaya ali pamtunda, zomatamata thoo. Nditabwerako ndinakhala pansi milungu itatu. Ndinalemba kuti mzati uzikhala wachitsulo, wakuda, wofanana ndi nyale zathu zakale za m'misewu. Mawaya onse azidutsa m'kati. Usaime moyang'anizana ndi khomo kapena zenera la nyumba ya munthu. Utalikirane ndi mtengo uliwonse mapazi khumi ndi asanu, kuopa kudula mizu. Pa ndime yachisanu ndi chiwiri ndinati pamene pali mzati wakale wamtengo, watsopano ulowe m'malo mwake ndipo wakalewo uchoke, kuti mizati isachulukane m'njira. Komanso pa watsopanowo pasakhomedwe, pasamatidwe, pasamangidwe kanthu kalikonse. Makhansala anavomereza onse. Ndinanyadira, sindibisa.

Kumapeto kwa Epulo kampani ina inatumiza pempho lake loyamba, pamodzi ndi mapu okhala ndi madontho ofiira asanu ndi anayi. Ndinkawayendera ndi pensulo limodzilimodzi. Pa dontho lomaliza pensulo inaima. Linali pa mphambano ya msewu wa Locust ndi msewu Wachinayi, mbali ya kumpoto.

Aliyense mu Brackett ankaudziwa mzati umenewo. Mu Ogasiti wa 2008, Corinne Hudak, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ankachokera ku ntchito yake yophika buledi, ali pa njinga, m'mawa dzuwa litatuluka kale. Lole yonyamula miyala inakhota mopyoza ndipo inamupanikiza pa mzatiwo. Anafera pomwepo. Bambo ake, Dewey Hudak, anakhomapo chithunzi chake chokutira m'pulasitiki sabata yomweyo. Chikasuluka ankakhoma china, maluwa akafota ankakhoma ena. Mkazi wake Paulette atamwalira patapita zaka zinayi, Dewey anapitiriza yekha. Pofika chaka chimene ndikunenachi, kuyambira m'chiuno mpaka pa msinkhu wa munthu, mzatiwo unali misomali yokhayokha, yadzimbiri ndi yatsopano, moti mtengo weniweniwo sunkaoneka.

Ine ndi Dewey tinaphunzira kalasi imodzi kuyambira tili ana. Iye anakalowa ntchito ku fakitale yosungunula zitsulo mpaka inatsekedwa. Tsopano impso zake zinali zitafooka, ndipo katatu pa sabata galimoto ya chipatala inkamutenga kukasefa magazi ku mzinda. Koma m'mawa uliwonse ankayamba wafika pa mphambano paja, kapu ya khofi ili m'manja.

Ndinaika pempho lija m'dirowa. Lamulo linkatipatsa masiku makumi asanu ndi limodzi oti tiyankhe, ndipo ndinkadziwa. Tsiku lililonse ndinkati ndipita mawa kukamuuza. Ndinkasinthanso njira yopitira ku ntchito kuti ndisadutse pa Locust. Milungu itatu inatha choncho, ndipo msonkhano wa khonsolo wa mwezi wa Meyi unadutsa ine osanena kanthu.

Nditalimba mtima, ndinamupeza akuwongola waya wa maluwa ndi pulayazi. Anali ataonda, jekete yake ikukwanira anthu awiri.

"Eee, boma lafika!" anatero osatembenuka n'komwe. "Loretta Vasko, wabwera kudzayeza kakhumbi kanga kaja? Ndinakuuza kale, si khumbi, ndi mulu wa matabwa woima bwino."

"Kakhumbi kako ndinakasiya kalekale, Dewey. Kagwa kokha."

"Kadzagwa iweyo utaikidwa kale m'manda."

Ndinaseka pang'ono, kenako ndinamuonetsa mapu. Anavala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Ndinamufotokozera za bokosi, za mzati wachitsulo, za wakale kuchotsedwa. Mawu ankatuluka ngati ndikuwerengera munthu wosamudziwa.

"Asunthe basi," anatero akundibwezera pepala. "Msewuwu ndi wautali."

"Ndiyesa."

"Uyesa? Si iwe mwini ofesi?"

"Pali malamulo, Dewey."

"Analemba ndani?"

Ndinangopinda mapu aja. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, n'kupukusa mutu.

"Ndiye uli ndi labala, eti? Kafufute."

Masana a tsiku lomwelo ndinabwerera ndi tepi yoyezera. Kum'mawa kwa mzatiwo kunali mtengo waukulu wa mthunzi, ndipo paliponse ndinkagwera m'kati mwa mapazi khumi ndi asanu aja. Kumadzulo kunali nyumba zoyandikana, zenera kutsatana ndi khomo, khomo kutsatana ndi zenera. Tsidya lina la msewu, pansi pankadutsa mapaipi a madzi ndi a gasi. Ndinayeza kawiri, n'kuyezanso kachitatu, kugwada m'udzu ndi siketi yanga ya ku ntchito.

Ndinaimbira injiniya wa kampaniyo, a Pruitt. Anali munthu waulemu, ndipo anamvetsera nkhani yonse osandidula.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero. "Ine sindinafikepo pamenepo, ndimaona pa mapu. Kwa ife paliponse pafupi ndi mphambanoyo ndi pabwino. Tikhoza kuimika wathu pambali, wakalewo n'kuusiya. Koma ndime yanu yachisanu ndi chiwiri ikukana. Tinasankha pamenepo chifukwa ndi pokhapo pamene malamulo anu akutilola."

Loya wa tauni anandiuza zomwezo m'mawu ena. Sindikanatha kuphwanya lamulo pa ine ndekha, chifukwa kampani iliyonse yobwera pambuyo ikanafuna kuphwanyiridwa. Lamulo linayenera kusinthidwa ndi khonsolo, ndipo kusintha kumafuna misonkhano iwiri. Khonsolo yathu imakumana kamodzi pa mwezi. Loyayo anatenga kalendala n'kuloza. Msonkhano woyamba Juni 11, wachiwiri Julayi 9. Masiku athu oyankhira ankatha Juni 24.

"Mukanabweretsa mu Meyi tikanakwanitsa," anatero. Sankadziwa kuti pempholo linali m'dirowa mwanga nthawi yonseyo. Sindinamuuze.

Pa Juni 11 Dewey anabwera ku khonsolo atavala suti ya maliro a mkazi wake. Munthu aliyense amapatsidwa mphindi zitatu. Iye anaima pa maikolofoni, atagwira kapepala kamene sanawerenge n'komwe.

"Dzina langa mukulidziwa," anatero. "Ena a inu munanyamula nawo bokosi la mwana wanga. Ine foni ndili nayo, sindidana ndi mafoni. Ndikungopempha kuti mtengo umodzi, umodzi wokha m'tauni yonse ino, muusiye mpaka ndife. Adokotala akuti simudikira nthawi yaitali."

Anakhala pansi mphindi imodzi isanathe. Kenako khansala wina, a Gaither, amene ali ndi sitolo ya zipangizo, anatsokomola n'kutembenukira kwa ine.

"Tonse tikumva chisoni, a Hudak. Koma Mayi Vasko, si inu munaima pomwepo mu Febuluwale n'kutiuza kuti tikalola mizati iwiriiwiri tauni idzaoneka ngati mpanda? Tikatsegula lero, mawa wina abwera ndi chifukwa chake. Munanena nokha."

"Ndinanena," ndinatero. "Sindinaganize za mzati umenewu."

"Ndiye pali ingati ina imene simunaiganize?"

Makhansala anavota, anayi kulola kusintha, atatu kukana. Zinadutsa gawo loyamba, koma lachiwiri linali kutali. Ndinapempha a Pruitt kuti kampani itipatse milungu itatu yoonjezera. Anati akafunsa akuluakulu. Patatha masiku anayi anaimba, mawu ali pansi. Akuluakulu anakana, mizati yonse isanu ndi inayi inali itapangidwa kale, anthu oimika anali atauzidwa kale masiku. Chimene anandilonjeza ndi chakuti adzafika pa Locust Lachinayi pa Juni 27, tsiku limene Dewey sapita ku chipatala, kuti achotse yekha zinthu zake.

Pa Juni 24 ndinasaina chilolezo. Ndikanakana, kampani ikanatitengera ku khoti n'kupambana, ndipo loya anali ataima pambali panga. Ndinasaina, n'kupita kukauza Dewey kunyumba kwake. Sanandilowetse. Analankhula ali kuseri kwa chitseko cha sefa yotchinga udzudzu.

"Lachinayi?"

"Lachinayi, cha m'ma naini."

"Chabwino. Ndidzabwera ndi hamala yanga. Asadzakhudze kanthu."

Oimika mizati aja anabwera Lachitatu. Anthuwo sanali a kampani yeniyeniyo, anali aganyu ochokera kutali, ndipo ataona kuti Lachinayi kukubwera mvula yamkuntho anasintha masiku okha. A Pruitt sanadziwe. Ine ndinamva kwa mayi wina wokhala pa mphambanopo, amene anaimba ku ofesi akulira. Ndinasiya chikwama changa pampando n'kuthamangira ku galimoto yanga.

Ndinapeza galimoto ziwiri zazikulu, mawaya atasamutsidwa kale, mzati wakale utagona mu udzu. Kapitawo wao, bambo wamtali wa ndevu zotuwa, ataona nkhope yanga anavula chipewa chake cholimba chija.

"Ndinu achibale, mayi?"

"Ndine wa ku ofesi ya tauni. Munayenera kubwera mawa!"

"Ife tinangopatsidwa mndandanda. Palibe anatiuza." Analoza katoni imene inali pa mpando wa galimoto. "Ndachotsa ndekha, sindinalole anyamatawa. Chithunzi sichinang'ambike. Nanenso ndili ndi mwana wamkazi."

M'katonimo anali atayala maluwa mwadongosolo, chithunzi pamwamba, pansi pake kamtanda kamatabwa ndi riboni zosuluka. Ndinamupempha kuti andidulire gawo la misomali lija. Anati mitengo imeneyi ili ndi mankhwala, saloledwa kupatsa anthu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutenga sowo yake ya injini. Anadula m'munsi ndi m'mwamba mwa misomali, ndipo amuna awiri ananyamula chipikacho n'kuchiika kumbuyo kwa galimoto yanga.

Pofika masana mzati watsopano unali chilili. Ndinakhala m'galimoto kudikira. Galimoto ya chipatala inkayenera kudutsa pomwepo, ndipo cha m'ma wani inatulukira, n'kuima pakati pa mphambano. Dewey anatsika pang'onopang'ono, dzanja lake lili ndi bandeji ya posefera magazi. Dalaivala anafuna kumugwira, iye anamukankha.

Anayenda mpaka pa mzatiwo. Anauyang'ana kuyambira pansi, pa simenti yatsopano, mpaka pamwamba pamene panali kabokosi kobisika bwino m'chitsulo. Anausisita ndi chikhatho.

"Wokongola," anatero. "Wachita bwino, Loretta. Ngati wa ku mzinda."

"Dewey, anasintha tsiku. Sindinadziwe."

"Ndakumva."

"Zinthu zako zonse zilipo. Ndakusungiranso ichi." Ndinatsegula kumbuyo kwa galimoto.

Anasuzumira, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana chipika chija. Ndinkaganiza kuti achigwira. Sanachigwire.

"Ukuganiza kuti ndinkaukonda mtengo umenewu?" anafunsa chapansipansi. "Ndinkadana nawo. Ukanakhala kuti sunali pamenepa, mwana wanga akanangogwera mu udzu. Dalaivala uja sindinamuonenso, anasamuka. Wotsala unali mtengowu. M'mawa uliwonse ndinkaupeza pompano, sunkathawa. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuukhoma misomali." Anatembenukira ku chitsulo chakuda chija. "Nanga uwu ndiukhoma bwanji?"

Ndinayamba kulira, ine amene ndinayenera kukhala chete. Ndinamuuza za dirowa, za milungu itatu ija, kuti ndikanapita ku khonsolo mu Meyi zonsezi sizikanachitika. Ndinkafuna andikalipire. Iye anangondiyang'ana ngati munthu wotopa amene wauzidwa kuti basi yachedwa.

"Unkaopa chiyani? Ine?"

"Eya."

"Iwe unali wamantha ndi kale. Mayeso aliwonse unkasanza." Anatenga katoni ija n'kuikumbatira pachifuwa. "Chipikacho kataye. Kunyumba kwanga usabwere nacho."

Anakana kukwera galimoto yanga. Anayenda wapansi, akumaima pa mpanda uliwonse kuti apume, ine ndikumutsatira chapatali mpaka analowa m'nyumba.

M'mawa mwake, mvula ili pakati, anabwera ndi chingwe n'kumangirira chithunzi pa mzati watsopano. Ndinauza ogwira ntchito m'misewu kuti aliyense wochikhudza adzaonana ndi ine, ndipo palibe anachikhudza. Koma chitsulocho chinali chosalala. Chingwe chinkatsetsereka, chithunzi n'kupezeka pansi pa simenti. Anayesa tepi yomatira, dzuwa linaimatula. Anayesa waya, mphepo inazunguza chithunzicho n'kuchiyang'anitsa ku khoma. Kangapo ndinaima pamenepo ndisanapite ku ntchito, n'kuchikweza ndekha iye asanafike.

Pa Julayi 9 nkhani ya kusintha lamulo inafika pa gawo lachiwiri. A Gaither anafunsa kuti tikusinthiranji popeza mzatiwo unapita kale. Palibe anatsutsa. Anaiika pambali kuti adzaione mtsogolo.

Mu Ogasiti Dewey anayamba kudumphitsa masiku ofika pa mphambano paja. Tsiku lokumbukira imfa ya Corinne anabwera, anaima pang'ono manja ali m'matumba, n'kubwerera osamanga kanthu. Mu Seputembala a chipatala anadandaula kuti akumakana kukwera galimoto yao. Mlongo wake Bernadette, amene amakhala ku mzinda wa Erie, anabwera kudzamutenga masamba atayamba kuyoyoka. Ndinamva mochedwa, ndipo nditafika ndinapeza akutseka chitseko. Dewey anali atakhala kale m'galimoto, bulangete lili pa miyendo. Anatsitsa galasi.

"Kakhumbi kaja ndakusiyira," anatero. "Ukagwetse mwalamulo."

"Ndidzabwera kudzakuona."

"Usadzivute, msewu wa kumeneko ndi woipa m'chisanu."

Ndinalemba makalata awiri. Sanayankhe. Ndinkati ndipita chipale chofewa chikasungunuka.

Anamwalira pakati pa Febuluwale. Anabwera naye kudzamuika mu Brackett, pafupi ndi Paulette ndi Corinne. Nthaka inali itauma gwa ndi chisanu, moti okumba anachita kuifunditsa ndi moto kaye. Tinalipo anthu osakwana makumi awiri: anzake akale a ku fakitale, dalaivala wa galimoto ya chipatala, ndi a Gaither amene anaima kumbuyo kwenikweni. Mwambo utatha, Bernadette anabwera pamene ndinaima.

"Ndinu a Loretta, eti? Achimwene ankakutchulani."

"Ankati chiyani?"

"Ankati munali anzeru kuposa onse m'kalasi mwao."

"Basi?"

"Basi. Masiku omalizawa sankalankhula zambiri." Anandigwira mkono. "Tiyeni ku holo ya tchalitchi, kuli supu wotentha. Mwazizidwa."

Sindinapite ku holo. Ndinabwerera ku ofesi, chifukwa sabata imeneyo kampani ina inali itatumiza pempho lake, madontho khumi ndi awiri. Ndinatenga mapu ndi nsapato za m'chipale, n'kuyamba ndi dontho loyamba, la pa msewu wa kuseri kwa sukulu. Ndinaimika galimoto, ndinatsika, ndinauzungulira mzatiwo, kenako ndinakagogoda pa nyumba yoyandikana nawo. Anatsegula bambo wina wovala zogonera, akutafuna. Ndinamuuza dzina langa ndi ofesi yanga, n'kumufunsa ngati pali chimene akudziwa za mzati umene uli pakhomo pakewo. Anandiyang'ana ngati wamisala, n'kunena kuti ndi mzati chabe. Ndinathokoza, n'kupita pa nyumba yotsatira.